Telefoni Yopanda Malire

Mwina nanunso munamvako zimene anthu akhala akunong'onezana ku msika wa Mandimba, zoti achemwali anga a Rahma ali ndi mwamuna ku Malawi. Ena akuti ndi wosintha ndalama pa Chiponde, ena akuti amagulitsa kaunjika, wina mpaka analumbira kuti anamuona ndi maso ake, wamtali, wa dzino lagolide. Ine ndine Samira, mng'ono wawo. Nkhani ndimazikonda, sindikana, ndikafika pa mjigo ndowa imasefukira ine pakamwa pakadali potentha. Koma iyi ndikuuzani momwe inayendera, chifukwa ndinalipo.

Alamu anga a Bashiru amagwira ntchito ku Cuamba, amakwera lole yokatenga mabelo a fodya ku Ngauma. Atakwatirana ndi achemwali anamanga nyumba pamudzi pathu pano, kenako ntchito inawatenga, kumabwera mwa apo ndi apo. Achemwali ankangokhalira kubipa, kuimba n'kudula msanga kuti alamuwo aimbe okha. Akagula kredito, mayunitsi aja, pa moni pokha atha. Ndipo alamuwo anali munthu wabwino, abale, musaone zimene zikubwerazi. Akabwera ankanditengera mabisiketi n'kumanditchula kuti "Wailesi ya Mandimba".

Tsiku lina la msika kunabwera mnyamata wa kampani ina ya matelefoni, dzina lake Estevão, ali ndi ambulera yaikulu ndi chimkuzamawu. Kampaniyo sinditchula, amayi anandiletsa. Ankagulitsa kontaratu: mwezi uliwonse ulipira mtengo umodzi wosasintha, kenako uziyankhula mpaka nsagwada zitope. Alamu analipo tsiku limenelo, ndipo tinapita tonse atatu. Pepala lake linali la Chipwitikizi chokhachokha, timalemba tating'ono ngati nyerere, koma pamwamba panali liwu limodzi lalikulu lofiira.

"Ili likuti chiyani?" anafunsa achemwali.

"Ilimitadu, mana," anatero Estevão, mana ndiye kuti chemwali. Chinyanja chake chinali chotola mumsewu, iye kwawo ndi ku Cuamba. Anakanda mutu kufuna liwu lathu, kenako analipeza. "Zopanda malire!"

"Zopanda malire? Olo pamalire penipeni?"

"Mana, ndakuuzani, malire kulibe. Kulibiretu!"

Tsopano inu akutali mumvetse. Kwathu kuno ukati malire, palibe amene amaganiza zina. Malire ndi aja ali kuseri kwa minda, pamene Mozambiki wathera n'kuyamba Malawi. Agogo athu ena ali uko, mbuzi zathu zimadya uko. Ndiye munthu akati telefoni yopanda malire, ife tinamva kuti ndi telefoni yosasankha dziko. Alamu anasaina poti ndiwo a malipiro, ndipo fatura, uthenga wa zolipira uja, inkayenera kumabwera pa telefoni yawo.

Pamudzi pathu redi, netiweki ya telefoni ija, ndi yovuta. M'nyumba mulibiretu, pabwalo imabwera n'kuthawa. Koma kuseri kwa munda wa chinangwa wa amayi kuli chulu, ukakwera pamenepo telefoni imadzaza mpaka pamwamba. Aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi redi ya ku Malawi, ndipo anthu a kredito amaithawa chifukwa imadya ngati chiswe. Koma achemwali anali ndi telefoni yopanda malire. Madzulo aliwonse akatsuka mbale ankakwera pachulu paja, atamanga kapulana, chitenje chija, m'chiuno, n'kuimbira amuna awo. Ine ndinkakhala m'munsi ngati ndikuthyola chigwada. Ndinkayembekeza kumva zokoma, koma aa! "Mwadya?" "Nkhuku ija yaswa." "Kodi chifuwa chija chatha?" Basi, mpaka dzuwa kulowa. Nkhani imodzi yokha ndi imene inandipindulira, tsiku limene anawauza kuti ali ndi pakati. Ndinamva alamu akukuwa ndi chimwemwe mpaka mawu kutulukira mu telefoni.

Mwezi utatha alamu anatulukira masana osanena, mabisiketi palibe, moni wa pakhosi. Anatuma mwana kukaitana amalume a Ismaeli, amene ndi ankhoswe a banjalo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndili kukhitchini, khutu lili pa mpanda. Ndipo sindinali ndekha, kuseri kwa mpandawo azimayi awiri anali ataima ndi mitolo ya nkhuni pamutu, osafuna kutula, osafunanso kupita.

Alamu anaonetsa amalume telefoni. Fatura inali itabwera yoposa malipiro awo a mwezi, ndipo pambali pa ndalamazo panalembedwa kuti Malawi.

"Zoimbira ine n'zaulere, zili mu kontaratu," anatero. "Nanga za ku Malawizi n'za ndani?"

"Ndi zanu zomwezo," achemwali anayankha. "Ine ndimaimbira inu nokha."

"Ine? Kodi Cuamba anamusamutsira ku Malawi liti, ine osamva?"

"Ndimakwera pachulu paja, redi yake ndi ya uko. Si paja anati zopanda malire? Inunso munalipo."

"Iwe Rahma, usandione ngati mwana. Tchula dzina."

Amalume anayesa kuziziritsa. "Bambo, tiyeni tiyambe tafunsa eni ake a telefoniwo. Makina amalakwa."

"Makina salakwa, amalume. Amalakwa ndi anthu." Kenako anayang'ana pamimba pa achemwali. "Ndiye imeneyonso muifunse bwino. Mwina nayonso ndi ya redi ya ku Malawi."

 

"Bwezani mawu amenewo, bambo," anatero amalume. "Abwezeni tsopano lino asanatuluke pa mpanda."

Sanabweze. Anatenga chikwama chawo n'kunena kuti dzina likapanda kutchulidwa, ukwati watha. Azimayi a nkhuni aja anali atanyamuka kale, akuyenda mothamanga ngati mitoloyo yapepuka.

Mawa lake pa mjigo anthu atandiona anasiya kuyankhula. Ine, Samira, anthu kusiya kuyankhula! Ndi pamene ndinadziwa kuti nkhani yake ndi ya kwathu. Sabata isanathe inali itafika ku Ngauma kwa apongozi a achemwali, ndipo pobwerera inabwera itavala dzino lagolide lija. Achemwali analeka kupita ku msika. Chakudya ankangochigwira n'kusiya.

Tsiku lina m'mawa anatuluka atavala hijabu yawo ya pa Idi. "Ndikupita ku Cuamba, ku loja ya kampaniyo," anauza amayi. Amayi anati munthu wapakati sayenda yekha pa shapa, minibasi zathu zija, ndiye anandituma ine.

Mu lojamo, shopu ya kampani ija, munali mozizira ngati m'firiji. Tinaima pa mzere mpaka miyendo ya achemwali kutupa. Titafika kutsogolo tinapeza mayi wina wa magalasi, pachifuwa atalemba kuti Dona Tina. Ine Chipwitikizi changa n'cha kalasi yachisanu, pamene ndinalekera, koma ndinayesetsa. Anamvetsera pang'ono, anagogoda pa kompyuta, n'kutulutsa pepala longa lija tinasaina. Analoza timalemba ta pansi penipeni.

"Zalembedwa apa. Mtengo wosasinthawo ndi wa redi ya m'dziko muno. Telefoni ikagwira redi ya dziko lina, mtengo ndi wina. Munasaina. Wotsatira!"

Achemwali sanasunthe. Anayankhula m'Chinyanja, osasamala ngati akumveka. "Mayi, ine sindinabwerere ndalama. Ndiuzeni amene ndinkamuimbira. Ukwati wanga uli mu makina anuwo."

Dona Tina anavula magalasi. Anayankha m'Chinyanja chomwecho, chopindika pang'ono, akuti amayi awo ndi a ku Mitande. "Wogulitsayo anakuuzani kuti chiyani? Nenani mawu ake enieni."

"Anati zopanda malire. Ndinafunsa kuti olo pamalire penipeni, anati malire kulibiretu."

Dona Tina anagwira pakamwa. Anatembenukira mnzawo wa pambali n'kumuuza m'Chipwitikizi, mnzawoyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya achemwali analeka.

"Iye ankatanthauza kuti zosatha," anatero Dona Tina. "Koma limenelo si vuto lanu. Wogula ali ndi ufulu wouzidwa mtengo momveka asanasaine, ndipo ngati munafunsa n'kuyankhidwa choncho, mutha kudandaula. Tilemba dandaulo. Koma manambala sindingakuonetseni, kontaratuyi ili m'dzina la amuna anu. Abwere eni ake."

Dona Tina anawaimbira okha alamu pa telefoni ya pa ofesi. Mwamwayi lole inali isananyamuke kupita ku Ngauma, ndiye posakhalitsa alamu analowa, akununkha fodya, osatiyang'ana. Dona Tina anatembenuza kompyuta kuti aone. Mizere inali yambirimbiri kutsika pansi, ndipo paliponse nambala inali imodzi. Ndinaona milomo ya alamu ikuyenda poiwerenga. Anatsitsa, anawerenganso. Inali yawo.

 Ndinati basi, apa agwada, apa alira, ndipo ndikakafika pa mjigo ndikayamba ndi chiyani? Achemwali nawonso anali atawayang'ana, maso ali ndi misozi koma akumwetulira pang'ono, akudikira.

Alamu anapumira m'mwamba, n'kufunsa Dona Tina kuti, "Ndiye kuti ndalama zija sindilipira?"

Abale, ndinaona kumwetulira kuja kukuzima. Dona Tina anayankha kuti zimenezo akaona ndi akuluakulu, dandaulo likayankhidwa. Alamu anasaina mokondwa, anathokoza kawiri konse, mpaka kugwira chanza mlonda wa pakhomo.

Panja anagula zakumwa zozizira zitatu. "Basi, zatha," anatero. "Kampani ndi imene inatisokoneza. Imwani, mayi."

Achemwali sanalandire. "Zatha ziti?"

"Aa, si mwaona nokha? Nambala ndi yanga."

"Ine ndinkadziwa kale kuti ndi yanu. Ndinakuuzani pansi pa mango, simunamve. Lero yanena kompyuta mwamva." Anakonza hijabu yawo. "Mawu aja munawanenera pamaso pa amalume, anthu akumva pa mpanda. Mubwere mudzawabweze pomwepo. Mudzanene kuti mwanayu ndi wanu, amve omwe anamva aja."

"Ine mwamuna wamkulu ndikaime pa mpanda ngati mwana woba mango? Zapamtima zimenezo, Rahma. Anthu aiwala."

"Anthu a kwathu? Funsani mlamu wanuyu ngati amaiwala."

Onse anandiyang'ana.  Ndinangomwa chakumwa changa, ndi cha achemwali chomwe, poti chinali kutentha.

Dandaulo lija linayenda. Patapita nthawi kampani inachotsa ndalama za ku Malawi zija, ndipo Estevão ndinamuonanso pa msika akukuwa kuti, "Zosatha, koma muno mokha! Pachulu ayi!" Anthu ankaseka, osadziwa kuti chulu chake ndi chathu. Alamu anatumiza kapulana ziwiri ndi shuga kudzera kwa kondakitala wa shapa. Mwezi wotsatira anatumiza beseni la mwana. Eni ake osabwera. Amalume anawaimbira, iwo ankangoti fodya wachuluka, abwera ikatha sizoni.

Ine ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Pa mjigo, ku chigayo, ku madrasa, ndinafotokoza za nambala imodzi ija, mpaka kujambula pa dothi momwe kompyuta inaonekera. Koma nkhani yoti munthu ankaimbira mwamuna wake siikoma, siyenda. Mayi wina anandiyankha kuti, "Ngati zili zoona, bwanji mwini wake sanabwere kudzanena? Iwe ukuikira kumbuyo m'bale wako." 

Mwana anabadwa nthawi ya mvula, wamkazi. Makutu ake otambalala, mphuno yake, chilichonse a Bashiru enieni, moti apongozi atabwera kuchokera ku Ngauma anangomuona n'kuyamba kulira. Ndi pamene alamu anabwera, atavala mkanjo woyera, n'kukhala pansi pa mango paja. Anati tsopano ali okonzeka kunena pamaso pa aliyense kuti mwana ndi wawo.

Achemwali anatuluka mwana ali kumsana. Sanakalipe, mwina zikanakhala bwino akanakalipa.

"Poyamba munakhulupirira fatura," anatero. "Kenako kompyuta. Lero makutu a mwana. Pakamwa panga pokha ndi pamene simunapakhulupirirepo. Mwanayu ndi wanu, muzibwera kudzamuona, palibe akuletsani. Koma amalume, ine za ukwati ndatopa nazo."

Anaika telefoni ija pa mkeka pafupi ndi mapazi a alamu, n'kulowa m'nyumba. Amalume anayankhula nawo mpaka mawu kusasa, amayi analira, ashehe anabwera, koma achemwali sanasinthe. Alamu anakwera shapa ya madzulo. Podutsa pamene ndinaima anati, "Tsala bwino, Wailesi," mawu ake osamveka bwino, ndipo ine ndinathawira kuchigwada kukalira, chifukwa ndinkawakonda alamu anga, mpaka pano.

Masiku ano achemwali amagulitsa mandasi pa siteji ya shapa, mwana ali kumsana, ndipo akafuna kuyankhula ndi munthu amabwereka telefoni ya amayi. Nthawi zina ndimaganiza kuti Estevão akanapeza liwu lina tsiku lija, kapena alamu akanayamba ndi "pepani" mu loja muja kenako n'kufunsa za ndalama, bwenzi pano nyumba ija isakugonamo mbuzi. Dona Tina anatiuza kuti wogula akalakwiridwa amalemba dandaulo, ndipo tinaona kuti n'zoona, kampani inabweza. Tsono inu amene munapita patali ndi sukulu, tandiuzeni: mawu amene wakunenera mwamuna wako anthu akumva, ukawadandaule ku loja iti?