Timabotolo ta Loralee

Ronnette Kowalczyk ankakonda amphaka, koma thupi lake linkawakana. Mphaka akangomukhudza maso ankafiira, mphuno n'kuyamba kuchucha, chifuwa n'kumalira ngati chitseko chakale. N'chifukwa chake Lachiwiri lililonse ankapita kuchipatala kukabayitsa jakisoni woti thupi lizolowere ubweya pang'onopang'ono. Zonsezo ankavutikira Gravy, chimphaka chake chotuwa chimene anachitola chili kamwana kuseri kwa sitolo.

Kale zinali zophweka. Mwamuna wake Dwight ankagwira ntchito kufakitale ya magalasi mumzinda wawo wa Toledo, ndipo inshuwalansi ya kuntchitoko inkalipira pafupifupi zonse. Banja litatha, inshuwalansi inapita ndi mwini wake. Gravy naye anatsala kwa Dwight, poti kumene Ronnette ankachita lendi sankalola ziweto. Tsopano anali atapeza nyumba yolola mphaka, koma mankhwala ndi amene anali kutha.

"Mayi Kowalczyk, kabotolo kanu kathera pomwepa," anatero namwino Yolanda akumumata thonje pamkono. "Tikusakanizireni ena?"

"Ndi zingati?"

Yolanda anatsitsa mawu. "Popanda inshuwalansi, apitirira madola chikwi. Kumeneko n'kusakaniza kokha, kubaya n'kwapadera."

"Chikwi! Timadzi timeneti? Mumathiramo golide kapena?"

"Ine ndimangobaya, mayi. Koma mukalekeza panopa thupi likhoza kubwerera mwakale. Kakhaleni panja theka la ola, tione ngati simutupa."

Lamulo la theka la ola limeneli ndi limene linamupweteketsa. Munthu ukabayidwa suchoka, umakhala pamipando yodikirira ngakhale pakhale mdani wako. Ndipo pampando wapafupi ndi zenera panali Loralee, mkazi watsopano wa Dwight, naye ali ndi thonje pamkono.

"Iii, achemwali! Inunso mumabwera kuno?"

Achemwali a ndani? Ronnette anangokhala pansi, chikwama atachikumbatira.

"Ndi Gravy wanu uja," anapitiriza Loralee. "Chilowereni m'nyumba muja ndimangoyetsemula. Ndiye Dwight akuti, pita ukabayitse, inshuwalansi ilipo."

"Mwalipira zingati kusakanizitsa?" Funsolo linangotuluka lokha, ndipo Ronnette anadzida nalo.

"Kaya, madola makumi awiri kapena? Sindinaonetsetse. Ndinangopereka khadi la Dwight."

Khadi lomwe lija, limene linkakhala m'chikwama chimene anali atakumbatirachi! Nsanje inamugwira Ronnette, nsanje yeniyeni yochititsa manyazi. Za Dwight analibe nazo ntchito, munthu wolizira mkonono pa TV uja amutenge. Koma kuti mkazi ameneyu azigona m'nyumba yake, azisisita mphaka wake, n'kumabayitsanso mankhwala pamtengo wa nkhomaliro, zimenezo zinamuwawa mpaka m'mafupa.

"Komatu ine ndatopa nazo," anatero Loralee akuyang'ana zikhadabo zake. "Sabata iliyonse kubooledwa chifukwa cha mphaka wa eni? Lero n'komaliza. Loweruka tikamusiya kosungira ziweto zopanda eni, pokhapokha mutabwera kudzamutenga."

Loralee atangotuluka, Ronnette anabwerera kwa namwino. Firiji inali yotsegula. M'kati munali timabotolo tambirimbiri, kalikonse ndi dzina la mwini wake, ndipo ta Loralee tinali ndandanda, todzaza mpaka kukhosi.

"Anamwino, mayi uja wasiya kubayitsa. Bwanji mundibaye take?"

"Sizitheka, mayi."

"Chavuta n'chiyani? Mphaka ndi yemweyo, nyumba ndi yomweyo, mwamuna amene ndi yemweyonso!"

Yolanda anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. "Pepani. Aliyense timamusakanizira zakezake. Umu muli za mphaka, inde, komanso muli zina zimene zimavuta iwowo, ndiponso mlingo ndi wawo. Ndikakubayani zimenezi mukhoza kubanika pompano."

"Ndiye mutani nato?"

"Akapanda kubwera, timabotoloti tikatha mphamvu tidzatitaya."

"Kutaya! Ine ndikusowa, inu mukataye?"

"Ndi momwe zilili," anatero Yolanda akutseka firiji.

Ronnette anatuluka mutu ukuwira. Komabe chinthu chimodzi chinali choonekeratu: Gravy sakapita kumakola kuja iye ali moyo. Tsiku lotsatira anakagulitsa mphete yake yaukwati, imene wogulayo anaiyang'ana monyoza n'kupereka zochepa. Anawonjezera makina ake osokera, amene ankapezera tandalama ta apo ndi apo pofupikitsa mathalauza a anthu. Lachisanu anakalipira. Mlembi wa pachipatalapo anamuchenjeza kuti mankhwala akangosakanizidwa ndalama sizibwezedwa. Ronnette anati akudziwa, asakanize basi.

Loweruka anafika pakhomo pa Dwight atanyamula kabokosi konyamulira mphaka, m'kati atayalamo juzi yake yakale. Loralee ndi amene anatsegula. Makatani anali ena, khoma analipaka utoto wina, koma Ronnette anadziletsa kuyang'ana. Dwight anali chigonere pampando, anangokweza dzanja.

"Gravy! Bwera mwana wanga, bwera kwa amayi."

Mphakayo anatulukira kukhitchini, atanenepa mpaka mimba kukhudza pansi. Anaima, n'kumuyang'ana Ronnette ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi. Ronnette anagwada, natambasula dzanja. Gravy ananunkhiza chala chimodzi, anatembenuka, n'kukadzikhuza m'miyendo ya Loralee. Kenako anadumphira m'manja mwake, n'kubisa mutu m'khosi mwake akung'ung'uza.

"Dwight, taona!" anakuwa Loralee. Anayetsemula kawiri, misozi ili mbwee, koma mphakayo sanamutule. "Mayo ine, wadziwa kuti tikumuchotsa. Ayi achemwali, sindingathe. Pepani kwambiri, mwavutika ulendo."

"Munanena nokha kuti mwatopa naye."

"Ndinanena, eya. Koma taonani mmene akundigwiriramu. Ndingopitiriza jakisoni uja. Mankhwala alipo kale, komanso si odula."

Si odula! Ronnette anayang'ana kwa Dwight kuti mwina alankhulapo.

"Wasankha yekha mphakayo, Ronnie," anatero Dwight maso ali pa TV. "Ine musandilowetsemo."

Ronnette anadzuka, anatola kabokosi kake, n'kutuluka osatsanzika. Pawindo Loralee anali atagwira kadzanja ka Gravy, akukagwedeza ngati mwana wotsanzika mlendo.

M'galimoto anaika kabokosi kopanda kanthuko pampando, n'kutulutsa makiyi. Apo m'pamene anazindikira kuti m'nyumba yodzaza ubweya ija sanayetsemule n'kamodzi komwe. Mphuno inali youma, chifuwa chili bwinobwino. Mankhwala ankagwira ntchito, ndipo ena a chaka chonse anali kumudikira m'firiji, olipiridwa kale.