Nodi Yachinayi

Loweruka pa 8 Juni, m'mawa, Injiniya analowa m'kachipinda kosungiramo katundu n'kuyatsa sikirini monga mwa masiku onse. Sanali injiniya. Ntchito yake inali yokonza makina osindikizira mapepala m'maofesi. Dzinalo anam'patsa ndi alamu ake tsiku limene anapeza nthambo zikudutsa pansi pa chitseko cha bafa, ndipo linakhazikika.

M'kachipindamo munali makompyuta akale anayi, iliyonse ndi diski yake, ndipo onse anali pa netiweki yosungira zinthu za anthu. Munthu wakutali akafuna kusunga mafayilo ake, netiwekiyo inkawadula tizidutswa, kutitseka kuti wina asawerenge, n'kutimwaza m'makompyuta a anthu wamba ngati Injiniya. Kompyuta yotere inkatchedwa nodi. Iye sankadziwa kuti akusunga chiyani, kapena za ndani. Chimene ankadziwa ndi bolodi lake: sikirini yakuda yopanda chithunzi, yokhala ndi mizere inayi ya zilembo zobiriwira. Mzere uliwonse unkanena ngati nodi ili moyo, kuchuluka kwa zolowa, malo odzaza, ndi malikisi. Malikisiwo anali a mayeso. Netiweki inkafunsa nodi mwadzidzidzi kachidutswa kena. Nodi yosayankha ankaidula malikisi, yopitiriza kusayankha ankaichotsa. Mizere yonse inayi inali pa 100. Magetsi akazima, mabatire a pansi pa tebulo ankadyetsa manodi, firiji n'kumadikira.

Mkazi wake anabwera ndi tiyi n'kuima pakhomo, poti m'kati munalibe poponda.

"Abambo, ana anu agona bwanji?"

"Onse ali bwino," anatero Injiniya, maso ali pa bolodi.

"Zikomo kwambiri. Ine mkazi wanu nanenso ndili bwino, ngati mumafuna kudziwa." Anaika kapu pamwamba pa bokosi, koma sanachoke. "Dzulo ndimayesa kukumbukira mmene amayi ankandiitanira. Nkhope ikubwera, mawu ayi. Vidiyo ija munajambula pa tsiku lawo lobadwa, ija ankaimba ija, ili kuti? Ndikufuna ndiimve lero."

Apongozi ake a Injiniya anamwalira mu Ogasiti chaka chatha. Anali munthu wodana ndi kamera, ndipo vidiyo yawo inali imodzi yokhayo. Anajambula ndi Injiniya pa kamera yobwereka, ndipo popeza inali yaikulu moti sikanakwana pa foni, anaisunga pa diski yotuwa.

"Ili bwinobwino," anatero. "Pitani mukachape kaye, ndikuitanani."

Anatsegula kabati. Bokosi la diski yotuwa linalipo, koma linali lopepuka. Anayang'ana m'kabati yachiwiri, ngakhale mtima unali utamuuza kale. Kenako anagwada n'kutsatira nthambo ya kompyuta yomaliza ndi dzanja. Kumapeto kwake kunali diski yotuwa, yong'aluka pang'ono pakona, ikunjenjemera ndi ntchito, kanyali kake kakuphethira.

Anakumbukira tsiku lake, pa 2 Marichi. Anali atamva kuti netiweki iyamba kutumiza zambiri, ndipo anafuna nodi yachinayi msangamsanga. Anatola diski m'kabati. Kompyuta inam'funsa ngati akutsimikiza kufufuta zonse, iye anavomera, monga amavomerera funso limenelo kulikonse kumene alipeza.

Injiniya ankadziwa bwino mmene diski imagwirira ntchito, ndipo kudziwako n'kumene kunam'tulutsa thukuta. Kufufuta kotere sikuchotsa kanthu. Kumangoiwalitsa diski kuti chakuti chili pakuti. Zakale zimakhalabe pamenepo mpaka zatsopano zitagona pamwamba pake. Mzere wachinayi unkanena kuti malo odzaza ndi 38 peresenti. Tsono apongozi mwina analimo, mwina theka, mwina ayi. Ndipo kachidutswa kalikonse ka mlendo kolowa panthawiyo kakanatha kugwera pa iwo.

Chofunika chinali chimodzi, kuzimitsa nodiyo pompo n'kuyamba kufukula. Kufukula diski yaikulu chonchi kumatenga tsiku lathunthu, mwina awiri.

Koma nodi yatsopano netiweki siikhulupirira msanga. Imaipatsa tochepa kwa miyezi, ikuiyesa. Nodi yachinayi inali itangokhoza sabata imeneyo, ndipo m'mawa umenewo zolowa zinkasefukira kuposa tsiku lina lililonse chiiyambireni. Injiniya anakhala pampando, dzanja lili pa kiyibodi, n'kumayang'ana nambala ikukwera. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wake inkasangalala.

Anaganiza zouza nodi kuti malo atha, kuti isalandirenso. Koma nodi ngakhale yokhuta imalembabe tina ndi tina pa diski. Anaganiza zodikira Lolemba, poti mwina zolowa zichepa, kenako anazindikira yekha kuti maganizowo ndi a munthu wodikira kuti nyumba ithe kaye kupsa. Anamwa tiyi. Nambala inasintha, 39.

"Abambo!" Mkazi wake anaitana ali kubafa. "Ndauza achimwene, akubwera kudzaonera nawo!"

Alamuwo anafika dzuwa lisanafike pamutu, atanyamula zakumwa. Anali dalaivala wa basi, munthu wa mawu aakulu, ndipo analunjika kukachipinda.

"Injiniya! Sitima yanuyi ikunyamuka liti? Ndikufuna mundisiye ku mwezi." Anasuzumira pa bolodi. "Eee, zobiriwira zokhazokha. Tiikireni amayi tsono."

Mkazi wake anabwera kumbuyo, akupukuta manja. Injiniya anawayang'ana onse awiri, kenako analoza diski yotuwa n'kufotokoza. Anafotokoza mwadongosolo, kuyambira pa 2 Marichi, osabisa kanthu, ndipo anawonjezera zambiri za mmene diski imalembera zimene palibe anafunsa.

"Dikirani kaye," anatero mkazi wake. "Amayi ali m'menemo?"

"Mwina."

"Ndiye anthu akuwathira zinthu pamwamba?"

"Si anthu kwenikweni. Ndi netiweki."

"Panopa? Tikulankhula pano?"

"Inde."

"Mwadziwa nthawi yanji?"

Injiniya anayang'ana kapu ya tiyi. Inali yopanda kanthu, ndipo mkazi wake nayenso anaiyang'ana.

"Nanga simukuzimitsa bwanji?"

"Ikazima, malikisi atsika. Ikakhalitsa akhoza kuichotsa. Komanso ndi zinthu za anthu, amayi. Anatikhulupirira."

"Anthu ake ati, alamu?" anafunsa dalaivala. "Tchulani mmodzi, tikamupepese."

Mkazi sanakweze mawu. Anangoti, "Zimitsani, kapena mundionetse nthambo yake."

Injiniya analemba lamulo loimitsa nodi, poti kuzula nthambo kumawononga. Mzere wachinayi unafiira. Aka kanali koyamba kuona mtundu umenewo pa bolodi lake, ndipo anadabwa kuti ndi wowala chonchi.

Panabuka vuto lina. Zofukulidwa sizibwezedwa pa diski yomweyo, zimafuna malo ena, ndipo m'nyumba ya madiski anayi munalibe malo. Atatu enawo anali odzaza ndi za alendo. Mkazi wake anabweretsa laputopu yake yakale, imene ankalemberapo mayeso a ana a kusukulu kumene ankaphunzitsa, n'kuiika pa bondo la mwamuna wake.

Kufukula kunatha Lamlungu madzulo. Nthawi yonseyo Injiniya ankaba maso kuyang'ana bolodi. Malikisi a nodi yachinayi anatsika, koma palibe amene anaimba foni, palibe amene anadandaula. Netiweki inali ndi tizidutswa tokwanira m'manodi a anthu ena, ndipo eni mafayilo, kaya ali kuti, sanadziwe n'komwe kuti kwinakwake mzere wafiira. Izi zinam'pweteka kuposa mmene ankayembekezera.

Zimene zinatuluka zinali zambiri koma zosathandiza: zithunzi zoduka pakati, malisiti a makina osindikizira, zithunzi za nthambo zimene anajambula yekha kuti asaiwale malumikizidwe. Vidiyo inapezeka, koma chiyambi chokha. Nyimbo yonse inali itapita.

Anakhala pabalaza atatu, alamu atabweranso. Chithunzi chinkaonetsa pansi, miyendo ya tebulo ndi mapazi a apongozi ali mu masilipasi. Mawu omveka kwambiri anali a Injiniya mwini, akufotokozera wina mmene batire la kamera limathera msanga. Kenako chapatali panamveka mawu a mayi wachikulire, okalipa pang'ono: "Iwe, kawauze amuna akowo akhale pansi, akutitchinga." Panamveka kuseka, chithunzi chinasweka timabokosi, n'kuima.

Dalaivala anakanda kukhosi n'kuyang'ana kudenga.

"Bwerezani," anatero mkazi.

Injiniya anabwereza. Anabwerezanso. Mkazi wake ankasuntha milomo motsatira mawuwo, makamaka "iwe" uja, mmene ankakokera kumapeto.

"Ndi choncho," anatero. "Ankandiitana choncho."

Injiniya anayamba kunena kuti agula diski yatsopano, mwina awiri, ndipo akonza dongosolo loti kavidiyoka kazikopedwa kokha sabata iliyonse. Mkazi wake anatambasula dzanja.

"Kaikeni pa foni yanga. Kachepa tsopano, kakwana."

Anakaika. Iye anakatumiza kwa achimwene ake ali pomwepo, kwa achemwali ake, kwa azakhali, kwa asuweni awiri, ndi ku gulu la amayi akwaya limene malemu ankaimbamo. Mafoni anayamba kulira ndi mayankho. Azakhali anaimba akulira, n'kufunsa kuti mwamuna wolongolola za batireyo ndi ndani.

"Ndi Injiniya, azakhali," anatero dalaivala mokweza. "Katswiri wathu wosunga zinthu."

Injiniya ananyamula diski yotuwa n'kuima pakati pa balaza, osadziwa kolowera nayo.

"Ndiibwezeretse pa netiweki?" anafunsa.

Mkazi wake anali ataika foni kukhutu, maso ali otseka, ndipo sanamve.