Mayina a M'linga la Mpondamwala

Chingwe cha kaligo chinaduka kachitatu m'manja mwa Lyton, ndipo amuna amene anakhala pakhonde la siwa anayang'ana pansi ngati ataya singano.

"Khonje wa chaka chino ndi wosalimba," anatero Lyton.

Panali patapita masiku anayi chiikire atsibweni ake, a Nowa, ndipo mawa lake kunali kumeta. Lyton anali atangobwerako ku Halale kumene anatha zaka khumi ndi chimodzi. Anabwera ndi nsapato zolira, chipewa chanthenga, ndi mtima wokonzeka kulowa dzina, minda ndi chigafa cha fodya cha malemuwo. Chimene sanabwere nacho ndi nyimbo.

Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, a Nowa ankaimba nkhani ya Mpondamwala, kholo la mudziwo, amene anamanga linga ladothi natsekereza nkhondo ya Angoni. Mabwinja a lingalo akadalipo kuseri kwa mudzi, panjira ya ku Kabudula. Nkhaniyo inkatenga masana atatu. Tsiku loyamba Mpondamwala amabadwa ndi mano, nakula akuzula zitsa ndi manja. Lachiwiri adani amafika pachipata. Lachitatu amawabweza, kenako woimba amaitana mayina a amayi amene anabisala m'lingamo. Chaka chimenecho a Nowa anaimba masiku awiri okha. Anasiya adani ataima pachipata, napukuta thukuta, nati, "Mawa tiwabweza." M'mawa mwake sanadzuke.

Chiyambire tsikulo ng'ombe zinkakana kudutsa pa linga. Linthumbu linatuluka m'mabwinjamo dzuwa likuswa mtengo, mzere wakuda wolunjika kumudzi. Anthu analithira phulusa, ilo n'kungolambalala. Akhristu amene anaimba nyimbo za m'buku pamaliro anali oyamba kunena kuti zimenezi n'zachabe, komanso ndiwo anali oyamba kukalipira ana awo kuti asasewere chakumeneko.

Kuseri kwa siwa, Naomi, mwana wamkazi wa malemu, ankasenda mtedza ndi mayi ake, a Sabina. A Sabina anatengedwa chitengwa kuchokera ku Kasiya zaka makumi atatu zapitazo. Mwambo unali wodziwika: akameta, wamasiye amasudzulidwa, n'kubwerera kwawo ndi ana ake. Koma kwawoko njala ya fote naini inali itabalalitsa abale onse, ndipo pamene panali nyumba panamera nsangwi. Mwamuna wa Naomi anatchona ku Joni, n'kumusiyira ana awiri. Akachoka pano analibe kolowera.

A Hana, mlongo wamkulu wa malemu komanso mayi wake wa Lyton, anafika akutsimphina nakhala pamtondo wogwetsa.

"Mlamu, mwayamba kumanga katundu?"

"Ndimange kuti ndikamasulire kuti?" anayankha a Sabina osadzutsa mutu.

"Sindine ndinaika mwambo. Munatisunga bwino, palibe angakane. Koma minda iyi ndi ya mbumba ya m'linga, eti? Mwana wanga ali ndi banja, afuna polima."

"Ndamva, alamu."

Kukhonde kaligo analiranso ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, kenako zii. A Hana anatseka maso. Anali ndi mantha, ndipo ukalamba sunkawalolanso kuwabisa.

"Tikameta mawa nyimboyi isanatsekedwe, mlongo wanga apita atasiya chipata chosatseka. Ine mayina ndimawadziwa, koma mpweya woimbira nkhondo yonse ndilibe. Uyu wa ku Halale akudziwa za magitala basi."

"Ine ndikuidziwa, azakhali," anatero Naomi.

Manja a mayi ake anaima m'lichero.

"Bambo anandiphunzitsa m'chigafa, tikusankha fodya wopita ku Nsaru. Chifuwa chinkawavuta. Ankati akadzatsamwa pakati, ndidzawakumbutse."

Lyton atamva, anaseka mpaka nthenga ya pachipewa inagwedera. "Msuweni, unamva kuti mkazi akuimba Mpondamwala? Komanso iwe si wa mbumba ino. Ndipatseni mpaka madzulo, ndiikumbuka."

"Wafika pati?" anafunsa a Hana.

"Pamene akunola nthungo."

"Zimenezo ndi za tsiku loyamba."

Akulankhula choncho, mkazi wa Lyton anathamangira ku nkhokwe ndi chikuni chamoto. Linthumbu linali litafika pamiyendo ya nkhokweyo, ndipo anapiye awiri anali atagona chagada, akuda bii. A Hana anayang'ana kanthawi, kenako anatenga kaligo m'manja mwa mwana wawo ngati akulanda mpeni kwa khanda, napatsa Naomi.

Dzuwa litapendeka, mudzi wonse unakhala pansi m'kati mwa mabwinja a linga. Mphepo ya Julaye inkaulutsa makoko a chimanga. Naomi anapota khonje watsopano pantchafu, namanga, nakoka uta. Anayamba kuimba, ndipo pofika pa chipata mawu ake analimba.

"Mpondamwala, mwana wobadwa ndi mano,
anazula chitseko nachisandutsa chishango.
Nthungo zinagwa ngati matalala,
iye n'kumazitola kuti akamangire khola."

Anaimba za ludzu la masiku asanu ndi awiri, za mwala umene Mpondamwala anaponda mpaka unatulutsa madzi, za adani akubwerera kum'mwera atasiya zishango m'dambo. Amuna okalamba ankagwedeza mitu. Naomi sanadumphe mzere ngakhale umodzi, ndipo pena ankakweza phewa monga ankachitira bambo ake, moti a Sabina anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Kenako inafika nthawi ya mayina. Woimba akatchula dzina, mayi wamkulu wa mudzi amavomera kuti, "Analimo." Mbumba ya mayi amene wavomerezedwa pamalo amenewa sisamutsidwa ndi munthu aliyense. Koma wovomera dzina labodza, ankatero akale, amakayankha yekha kwa eni linga, ndipo sachedwa kuitanidwa.

"Nangondo wa mtondo waukulu."

"Analimo," anavomera a Hana.

"Naphiri amene anabereka nkhondo ili pachipata."

"Analimo."

Anapitirira mpaka dzina lachisanu ndi chinayi, lomwe chaka chilichonse linkakhala lomaliza. Anthu anayamba kusasa fumbi kuti anyamuke, koma uta wa Naomi sunaime. M'chigafa muja bambo ake anamuphunzitsa dzina lina, nati, "Ili linatayika kalekale, ine ndalitola." Iye sanafunse kumene analitola, chifukwa ankaopa yankho.

"Nachisale wa ku Kasiya, wobwera ndi mtsuko pamutu, amene anamwetsa Mpondamwala tsiku la ludzu."

Nachisale anali agogo ake a Sabina, ndipo aliyense wamkulu pamenepo ankadziwa zimenezo.

Lyton anaimirira. "Ngakhale ine wosadziwa kuimba ndikudziwa kuti mayina ndi asanu ndi anayi. Amayi, musavomere."

"Khala pansi."

"Wawonjezera yekha kuti asachoke."

"Sindinawonjezere, azakhali," anatero Naomi, misozi ikutsika. "Ndaimba monga anandipatsira."

"Ndikudziwa," anatero a Hana motsitsa. "Iwe sukanatha kulumikiza bwino chotero. Ili ndi dzanja la Nowa. Ankafuna aliimbe yekha tsiku lachitatu lija." Anayang'ana chipupa chakugwa cha linga. "N'chifukwa chake sanadzuke."

A Sabina anakwawa ndi maondo kufika pamaso pawo. "Alamu, musadziphe chifukwa cha ife. Tipita. Tikapempha malo kwa eni."

A Hana anali akuyang'ana ana awiri a Naomi, amene anakhala atagwirana manja, miyendo yotuwa ndi fumbi. Wamng'onoyo anali ndi makutu otambalala a agogo ake, a Nowa.

"Mlongo wanga uja," anayamba a Hana ngati akulankhula okha, "ali mwana ankaba mtedza m'nkhokwe ya amayi. Koma sindinamuonepo akutafuna ngakhale njere imodzi. Ankakapatsa ana a eni ake kuseri kwa khola, chikwapu n'kudzalandira yekha. Wakalamba nawo mchitidwe wakewo mpaka kukabera akufa."

Anayamba kumasula mkanda wofiira wa m'khosi mwawo, umene sanauvulepo chikwatiwire. Zala zinkawavuta, koma sanalole wina kuwathandiza. Atauvula anakodola mwana wamkazi wa Naomi, namuveka, namukankhira kwa mayi ake.

"Amayi," anatero Lyton, ndipo tsopano mawu ake anali a mwana wamantha, osati a mwini minda.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, mwanawe. Naomi, bwereza dzina lija, sindinalimve bwino."

Naomi anakoka uta, nalibwereza.

"Analimo," anatero a Hana, mokweza kuposa maulendo onse aja.

Palibe anaomba m'manja. Anthu ananyamuka mmodzimmodzi, osayang'ana kumbuyo. A Hana anakana dzanja la Lyton, nadzuka okha ndi ndodo yawo. Atafika pachipata anatembenukira a Sabina.

"Mlamu, mawa mudzuke msanga, mukayambe kusosa munda wa kudambo. Zidzukulu zanga zija, ana a Naomi, zikagone kwa inu lero. Ine ndigona ndekha, ndipo chitseko changa pasapezeke wotseka."