Apongozi pa Lipenga

Chipumire pa ntchito ya unamwino, a Nesi masiku ankawatalikira. Maluwa anali atawathirira mpaka kufuna kuola, makatani onse atachapa ngakhale oyera omwe. Ndiye pamene mwana wawo wamkazi anatulukira masana ena ali wefuwefu, iwo anakondwa kuti apeza wocheza naye.

"Amayi, lipenga lija likadalipo?"

"Lili pamwamba pa wadiropu. Lalakwanji?"

Mwanayo anafotokoza. Mwamuna wake ankatsogolera bandi ya nyimbo zauzimu, ndipo bandiyo inali itaitanidwa ku zikondwerero za nyimbo zimene mipingo inakonza, Loweruka lililonse kwina. Tsono woimba lipenga wawo anagwa pa njinga yamoto n'kung'ambika mlomo. Adokotala anamusoka n'kumuletsa kuuzira chilichonse, ngakhale tiyi wotentha.

A Nesi anayamba kuliza lipenga ali mtsikana, mu bandi ya kutchalitchi kwawo, koma bandiyo inatha kalekale anthu ake atabalalika.

"Nanga mwamuna wakoyo akudziwa kuti wabwera kuno?"

"Akudziwa. Ali m'galimoto panjapo, akuti miyendo yamulemera."

Mkamwini wawoyo anzake ankamutcha Kaputeni. Pa siteji mawu ake ankachita ngati bingu, koma pamaso pa apongozi ake ankangosanduka mwana wa sukulu woitanidwa kwa ahedi. Analowa atapinda chipewa m'manja, n'kuyamba kufunsa za moyo, za maluwa, za denga ngati likudonthabe.

"Bambo, ndavomera kale," anatero a Nesi. "Khalani pansi musanandifunse za mphaka."

Bandiyo inkakonzekera m'galaja ya kwa Kaputeni, pakati pa matayala akale ndi mawaya oyangayanga pansi. Munali mtsikana wa kiyibodi, wa gitala ya besi wamtali amene mutu wake unkagunda babu, ndi wa ng'oma wotchedwa Chimphepo. A Nesi atapukuta lipenga lawo n'kuliuzira koyamba, onse anayang'anana. Mawu ake anali okoma, onona, ngati lipengalo silinakhalepo pa wadiropu.

Vuto linali liwiro. Iwo anazolowera nyimbo za m'buku, zoyenda mwaulemu ngati mkwati, pamene anawa nyimbo zawo zinkathamanga ngati zawona galu. Panali nyimbo ina imene pakati pake zida zonse zinkakhala chete, Chimphepo n'kugubuduza ng'oma yekha, kenako lipenga n'kulowa. A Nesi ankalowa ng'omazo zisanathe.

Kaputeni anaimitsa nyimbo. "Chimphepo, ukuchedwa iwe."

"Ine?"

"Iwe amene. Tiyambirenso."

Anayambiranso, a Nesi n'kulowanso msanga. Ulendo uno wolakwa anakhala wa besi, amene pamalo pamenepo sankaimba n'komwe.

A Nesi anatsitsa lipenga. Anali atagwira ntchito m'chipatala moyo wawo wonse, ndipo nkhope ya munthu womva ululu koma akuti ali bwino ankaidziwa.

"Bambo, ngati wolakwitsa ndine, nenani. Muno m'galaja mulibe apongozi."

Kaputeni anakanda m'mutu. "Ayi amayi, inu simunalakwitse. Kungoti inu mumafika bwinobwino, nyimboyi ndi imene ikumabwera m'mbuyo mwanu."

Chimphepo anagwetsa timitengo take n'kubisa nkhope kuseri kwa ng'oma, mapewa akugwedezeka. A Nesi nawo anaseka, koma atafika kunyumba anadzitsekera m'chipinda n'kuyeserera malo amenewo mpaka galu wa aneba anayamba kuwathandiza.

Chikondwerero choyamba chinali pa bwalo la mpira la sukulu ina. Siteji inali ya matabwa, yokutidwa ndi tenti, ndipo kutsogolo kwake kunali maambulera osawerengeka, makwaya a mayunifolomu awo, ana okwera pamapewa a atate awo. A Nesi anavala malaya a bandi pamwamba pa diresi lawo la Lamlungu. Pokwera masitepe anadzifunsa kuti chinawachotsa pa maluwa awo n'chiyani.

Koma nyimbo yoyamba itangoyamba, mantha anasungunuka. Lipenga linatuluka m'masipika akuluakulu n'kukafika mpaka ku magolo a kutsidya. A Nesi anaona amayi ena atatsinzina, manja ali m'mwamba, milomo ikutsatira nyimbo, ndipo mumtima mwawo munadzaza chinthu chimene anali atachiiwala. Pofika pa nyimbo yothamanga ija anali akuvina, phazi likuponda matabwa, mutu uli kumwamba.

Zida zonse zinakhala chete. Chimphepo anayamba kugubuduza ng'oma. Ndipo a Nesi, chimwemwe chitawaledzeretsa, analowa ndi mphamvu zawo zonse, pakati penipeni pa ng'omazo.

Kaputeni anatembenuka, n'kuiwala kuti maikolofoni ili pakamwa.

"Apongozi, mwalowa msanga!"

Mawuwo anamveka bwalo lonse. Ng'oma zinaima. Kaputeni anadzigwira pakamwa, maso ali tong'o ngati munthu amene wathira mlendo tiyi pamiyendo. A Nesi anamva nkhope ikutentha, anthu onse aja akuwayang'ana. Koma ataona mmene mkamwini wawo anaumira, chiseko chinawakwera kuchokera m'mimba. Poti pakamwa panali lipenga, anangoliuzira motsitsa, kawiri, ngati munthu akuti pepani.

Bwalo linaphulika. Abusa ena a pampando wakutsogolo anavula magalasi n'kumapukuta misozi. Amayi a kwaya ina anagwirana kuti asagwe. Chimphepo, amene sankachedwa kuona mwayi, anayambiranso kugubuduza ng'oma zake, ndipo atamaliza, Kaputeni anagwada bondo limodzi n'kunena mwaulemu wonse, "Tsopano amayi, ngati mungakonde."

A Nesi analowa pamalo pake penipeni. Nyimbo imeneyo anthu anakana kuti ithe. Inazungulira, n'kuzunguliranso, fumbi lili koboo, achinyamata ndi nkhalamba akutamanda Mulungu ndi miyendo yomwe, mpaka woyendetsa mwambo anachita kuloza wotchi yake.

M'minibasi pobwerera, Kaputeni anakhala mpando wakumbuyo. Kenako anasendera pafupi.

"Amayi, pakamwa panga pandipereka. Mundikhululukire."

"Mwanena zoona, bambo, ndipo ndathokoza. Koma inunso, nthawi yonse ija m'galaja, munachita kudikira masipika?"

Nkhaniyo inayenda m'mafoni kuposa bandi yomwe. Loweruka lotsatira, mumzinda wina, asanatsitse n'komwe zida, anthu anali akukuwa kale kuti, "Tikufuna apongozi!" Tsikulo a Nesi analowa bwinobwino osaphonya, ndipo anthu ena anachita kudandaula. Wa besi anapereka nzeru yoti azilakwitsa dala.

"Iyayi," anatero a Nesi. "Kulakwitsa kwangozi Mulungu amaseka nafe. Koma nyimbo yake sindingaipotoze dala kuti anthu andiombere m'manja."

Mtsikana wa kiyibodi ndiye anapeza njira. Anakonza malo atsopano m'nyimbomo pamene Kaputeni ankaimba mzere, lipenga n'kumuyankha, iye kukweza, lipenga kukwezanso, mpaka mmodzi mpweya umuthere. Nthawi zambiri wothedwa mpweya sanali a Nesi. Anthu anazikonda zimenezi kuposa kulakwitsa kuja, ndipo mkamwini amene kale sankatha kuyang'ana apongozi ake kumaso tsopano ankalimbana nawo pa siteji thukuta lili kamukamu, mkazi wake akulira ndi chiseko m'munsi mwa siteji.

Pa chikondwerero chomaliza woimba lipenga wovulala uja anabwera, mlomo utapola. A Nesi anamugwira chibwano n'kumutembenuzira ku dzuwa.

"Amene anakusokayu ali ndi dzanja. Katenge lipenga lako, lero tiliza awiri."

Atatsika pa siteji madzulo amenewo, anakhala pa bokosi la sipika kuseri kwa tenti, nsapato atavula, milomo itatupa ngati yalumidwa ndi njuchi. Ali pomwepo panafika mayi wina wa imvi mbuu, wogwira kachikwama ndi manja onse awiri. Anati anali mphunzitsi, anapuma kalekale.

"Ndimati ndifunse, anzanga," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku. "Ine chiyambire utsikana ndimasirira ng'oma zija, zambirimbiri zija, zoponda ndi phazi lomwe. Kodi pa msinkhu wathu uno zingatheke?"

A Nesi anawayang'ana manja, n'kuwayang'ananso mapazi.

"Mawondo ali bwanji?"

"Lakumanzere limadandaula kukazizira. Lakumanja lilibe mlandu."

"Lofunika ndi lakumanjalo." Anatembenuka n'kukuwa, "Chimphepo! Usamasule ng'omazo, bwera kuno!"

Chimphepo anabwera akupukuta khosi ndi thaulo. Atamva nkhaniyo anapereka timitengo take ndi manja awiri, n'kuwatsogolera aphunzitsiwo pa masitepe. A Nesi anatsala pa bokosi paja akusisita mapazi awo. Posakhalitsa kunamveka kugunda koyamba, kwamanyazi, kenako kwachiwiri kolimbirako, ndipo anyamata amene ankapinda mipando anaima n'kutembenuka.