Masaya a Lukonde

M'nyumba ya mayi Cheryl Chibwe ku Woodlands, palibe chinkafika pakhungu la mwana chisanawerengedwe. Mayiwa, ogwira ntchito mu ofesi ku Longacres, ankaima m'sitolo n'kumatembenuza botolo, kuwerenga timalemba ta kumbuyo mpaka ogulitsa kutopa nawo. Sopo wonunkhira ayi, paudala ayi. Mafuta a mwana wawo wamkazi Lukonde ankachokera kunja m'botolo loyera la kukamwa kwakukulu, ndipo Imelda, wantchito wolera mwanayo, anauzidwa kuti asayerekeze kumudzoza china.

Koma mwana ankayabwa ndithu. Zidzolo m'khosi, m'mikono, kuseri kwa mawondo, kudzikanda mpaka magazi. Madamu akapita ku ntchito, womva kulirako tsiku lonse anali Imelda, ndipo kunkamudula mtima. Iye analera ana ake atatu ku Chelstone osawerengako botolo ndi limodzi lomwe. Loweruka lina, akusintha minibasi m'tauni, anadandaulira mayi wina wogulitsa zodzola pabenchi. Mayiyo anatulutsa kambale kopanda dzina, mafuta ake oyera mbee ngati a madamu.

"Nasakaniza neka, mami. Masiku yatatu chabe, mwana azasalala."

Sananame. Tsiku lachitatu zidzolo zinali zitauma, mwana akugona tulo tabwino. Poopa kuti kambaleko kangapezeke, Imelda anakokota mafutawo n'kuwathira m'botolo la madamu, n'kutakasa bwinobwino. Likatsika ankawonjezera. Motero madamu eniake, akatswiri a timalemba, ndiwo ankapaka mwana mafuta a pabenchi m'mawa ndi madzulo, thupi lonse, uku akulangiza anzawo pafoni kuti za kunja n'za kunja basi.

Patapita miyezi inayi Lukonde anatuluka masaya. Alendo ankamutsina mwachikondi. "Ba Imelda, mumudyesa chani uyu mwana?" Imelda ankaseka, mtima uli mbee. Komatu wosambitsa mwana amaona zimene alendo saona. Nkhope inkakula, miyendo ikuonda. Khungu linapyapyala mpaka timitsempha tofiira kuonekera. Pamphumi ndi kumsana kunamera ubweya. Imelda anayamba kuchita mantha, mantha enieni omuletsa kudya.

Madamu nawo atazindikira n'kunena zopita kwa dokotala wa ana ku Kabulonga, Imelda anali atapeza kale njira yake. Akabwerako, botolo lija aligwetsa dala m'chimbudzi, apepese, madamu agule lina. Mwana achira, ntchito ikhalapo, ndipo palibe adzadziwe.

Dokotala Kalaba, mayi wachikulire wosathamanga polankhula, anamuvula mwanayo ali pamiyendo pa Imelda. Anamusindikiza tsaya, anamuyang'ana kumsana, anamuyeza msinkhu kawiri.

"Mumupaka chani pa thupi?"

Madamu anatulutsa botolo m'chikwama monyadira. Dokotala anawerenga mpaka pansi n'kulibweza.

"Vamene balemba apa vilibe vuto. Kulibe vinangu? Va ku maliketi, va ba ambuya bake?"

"Kulibe, ba dokota," anatero madamu. "Ine nimabelenga vonse."

Imelda anaweramira thewera la mwana, n'kumakonza pokonzedwa kale.

Dokotala anavula magalasi. Anafotokoza kuti maonekedwe amenewa amawaona kwa ana opakidwa mankhwala amphamvu otchedwa siteloidi, amene ena amawasakaniza m'mafuta opanda dzina. Khungu la khanda limamwa msanga, ndipo thupi likazolowera limaleka kudzipangira zake zolitchinjiriza.

"Ngati ni ivo, nifunika kuziba lelo," anatero. "Sitilekesa kamozi. Mukaleka mwazizizi, mwana angakomoke, olo kamalungo kang'ono kangamutenge. Timachepesa pang'ono pang'ono, na mankwala. Manje ngati mukamba kuti kulibe, nifunika kusakila chotupa mukati."

Atamva za chotupa, madamu anagwira pakamwa misozi n'kuyamba kutsika. Anali mayi wamng'ono ndithu, uyu ali mwana wawo woyamba, ndipo Imelda anawamvera chisoni. Njira yake ija inali itatsekeka. Kuligwetsa botolo kunali kumupha mwana mwakachetechete. Kulisunga kunali kupitiriza kumuwononga. Anaganiza za ana ake ku Chelstone, ndi za mbiri imene idzayende m'mageti onse a Woodlands, moti palibe adzamupatsenso khanda. Dokotala anali atayamba kale kulemba kalata yokatengetsa magazi.

"Ba dokota," anatero Imelda. "Osabelenga kunja. Vili mukati mwa botolo."

Dokotala anaika cholembera pansi. Imelda ananena zonse, za benchi, za kambale, za kutakasa, maso ali pa zala za mwana.

Madamu sanakuwe, ndipo bola akanakuwa.

"Kuyambila liti?"

"Mu Epulo, ba madamu."

"Botolo yamene iyi?"

"Yamene iyo."

"Manje ndine nenze kumupaka? Na manja yanga?"

"Ee, ba madamu. Enze kulila maningi. Ninafuna chabe agoneko."

"Mwachita bwino kukamba," anatero dokotala, akung'amba kalata ija n'kutenga ina. "Nkalani, munifotokozele bwino kuchuluka kwake."

Madamu anaimirira n'kumunyamula Lukonde pamiyendo pa Imelda, osamuyang'ana kumaso. Mwanayo anayamba kulira, akutambasulira manja kwa amene anamuzolowera. Imelda anadzuka mosaganiza kuti amulandire. Madamu anatembenuka, n'kumulozetsa mwanayo kukhoma.