Ilinca Adula Thako la Mfuti

Chidwalire sitiroko Dorin, nguluwe zinkalowa m'munda mwake mwa chimanga ngati kwawo. Mkazi wake, Ilinca, adatenga mfuti, koma thako la mfutiyo lidali lalitali kwambiri kwa iye. Atawombera koyamba, idamumenya paphewa mpaka kutupa.

M'mawa mwake adayigoneka pa benchi, sowo ili m'manja.

"Alamu, mwapenga kodi?" adakuwa Sava, mng'ono wake wa Dorin. "Imeneyo ndi mfuti ya malemu bambo athu!"

"Ndiye bambo anuwo adzuka kudzalondera chimanga?"

Dorin adakweza dzanja lomwe linkagwirabe ntchito n'kuloza. "Dula apa. Usapendeketse."

Ilinca adadula, adasalaza ndi tupa, n'kukhomerapo chikopa chofewa. Atayiyesa paphewa, idakhala bwinobwino. Loweruka lake Sava adabwera ndi mpeni kudzathandiza kusenda nguluwe yomwe Ilinca adawombera.