Chithunzi cha Nambala Naini

"Nkhope zonse mwaphimba eti?"

"Zonse madamu, olo mayi awo owabereka sangawazindikire," anatero bambo a makompyuta aja akupereka fulashi.

Ndiye adokotala, osati a jekeseni ayi, a mabuku kkkk, anangoti zikomo n'kuthamangira mu holo kukafotokoza kafukufuku wawo. Zaka sikisi akufufuza za azimayi a kum'mawa kwa Asia amene anachita sitalaka pa fakitale ya nsalu kalekale, kenako n'kuthawa kwawo. Mayi mmodzi yekha ndi amene anavomera kuyankhula, n'kuperekanso chithunzi cha tsiku la sitalakalo. Koma anawagwira dzanja adokotala kuti chonde dzina langa lisamveke, abale anga akadali komweko, angawavutitse.

Holo yodzaza. Mpando wakutsogolo alendo atatu ochokera dziko lomwelo, zolembera m'manja. Laputopu ili kumbuyo ndi mnzawo wa mu ofesi, ndipo anapangana kuti adokotala akagwedeza mutu, iye azisintha chithunzi choonetsedwa pakhoma.

Zinayenda bwinobwino mpaka nambala eyiti. Kenako maso anagwera pa pepala lawo la zithunzizo, pa nambala naini. Mayo ine!! Nkhope zophimbadi, koma mzimayi aliyense ali ndi kansalu pachifuwa kolembedwa dzina lake m'zilembo za kwawo. Bambo aja ankaona ngati ndi maluwa a pa malaya! Ndipo dzina la mayi uja lili pakatikati penipeni, looneka ngati chikwangwani.

Mutu usagwedere, olo pang'ono. Khosi gwa ngati mtengo wa magetsi. Pakhoma pali mapu a doko, ndiye anayamba kufotokoza dokolo, madzi ake, sitima zake, mpaka mbalame za padoko kkkk, uku chala chikulembera mnzawo uja pa foni kuseri kwa tebulo: USASINTHE. 9 ili ndi mayina.

Mnzawo sakuyang'ana foni. Akuyang'ana mutu.

Mlendo mmodzi wakweza kale foni kuti ajambule chithunzi chotsatira. Ndiye pamenepo mphuno inayamba kuyabwa. Anaigwira. Anapuma. Anapemphera. Koma aaa, hetsiii!! Mutu mpaka pansi.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Khoma lonse bii, palibe chithunzi. Foni njenjenje m'manja, uthenga wa mnzawo uja:

"Ndaiona mochedwa, ndangozula chingwe. Pitiriza pakamwa, ine ndikunamizira kompyuta. Koma iwe khosi limenelo, ndimayesa lauma zenizeni."